Bodil wa ku Hanstholm ndi Sitima Imene Sanaikwere

Bodil Thygesen anabadwira ku Hanstholm, ndipo mpaka imvi kumera sanakhaleko kwina. Atangosiya sukulu analowa ntchito kufakitale ya nsomba pafupi ndi doko, kutumbula nsomba ataimirira pa simenti yonyowa, mpaka zala zinapindika ngati mbedza ndipo mphete yaukwati inasiya kulowa. Fakitale itatsekedwa anakalowa yochapa nsalu kuchipatala ku Thisted. Mayi ake atadwala, anawasamala ndi iyeyo. Apongozi ake aamuna atayamba kuiwalaiwala, kumasochera mumsewu womwe anakuliramo, wokawatenga anali yemweyo. Sikuti anali ndi mtima wabwino kuposa anzake ayi. Kungoti kanthu kakachitika onse ankatembenukira kwa iye, iye n'kuvula epuloni n'kunyamuka.

Mwamuna wake Ejvind anali msodzi, chimunthu chamawu aakulu, woti akaseka kudoko mumamumvera kunyumba. Sitiroko inamupeza akupenta mpanda, chaka chomwe Bodil anapuma pantchito. Mbali yakumanja inafa yonse, mawu n'kutsala owerengeka, otuluka limodzilimodzi mochita kukoka. Akukhonsolo ankatumiza anamwino m'mawa kudzathandiza kumusambitsa, koma sankakhalitsa. Zotsalazo zinali za Bodil: kumutembenuza, kumunyamula popita kuchimbudzi, kumudulira buledi tizidutswa, kumvetsera ngati watsamwa. Ankagona khutu limodzi lili tcheru. Zaka zinapita choncho, mphepo ya kunyanja ikuwomba pamawindo monga mwa masiku onse.

Amene anabwera ndi nkhani ya sitima yapanyanja anali Agnete, mlongo wake wa Ejvind, mayi wamasiye wokhala ku Aalborg, yemwe moyo wake wonse anali wokonza tsitsi la anthu ndipo pakamwa sipankatsekeka. Anafika tsiku lina Lamlungu, n'kukhala kukhitchini chipewa chili kumutu.

"Mlamu, wadziona pagalasi? Ukuoneka ngati nsomba yogonera pa ayezi."

"Zikomo. Ndikuwonjezere khofi?"

"Usandizembe iwe. Kuli sitima yonyamuka ku Barcelona, izungulira madoko a ku France ndi ku Italy. Kudya amakupatsa, bedi amakuyalira. Iwe ntchito yako n'kukhala padzuwa basi. Tipita awiri."

"Nanga uyu?"

"Uyu akakhala kunyumba ya okalamba masabata awiri. Saphedwako."

Ejvind anali panjinga yake ya olumala pafupi ndi windo, akumva zonse. Anakweza mlomo mbali yamoyoyo. "Kulipira," anatero, n'kupuma. "Nyanja." Anapumanso. "Zopusa."

"Wamva? Wavomera," anatero Agnete.

Bodil anakana mwezi wathunthu, kenako anavomera, osati chifukwa cholakalaka Italy, koma chifukwa kukana Agnete kunali kotopetsa kuposa kuvomera. Vuto linali la masiku. Malo a Ejvind kunyumba ya okalamba ku Thisted ankapezeka kutatsala tsiku limodzi kuti sitima inyamuke. Agnete ankafuna kuti auluke tsiku lomwelo, akagone ku Barcelona, sitima akaidikire mtima uli m'malo. Bodil anati munthu si katundu woti ungomutula pakhomo n'kuthamangira ndege. Motero anagula matikiti a m'mawa wa tsiku lenilenilo, kusintha ndege ku Amsterdam.

"Ndiye tigule inshulansi yeniyeni," anatero Agnete. "Yoti ndege ikachedwa, eni ake atithamangitse mpaka tikaipeze sitimayo."

Tsiku lokamusiya, Bodil anayala zovala za Ejvind mukabati, n'kufotokozera namwino za mapilo, za supuni yake yokhota, za momwe amatsokomolera akafuna madzi. Namwinoyo ankangogwedeza mutu, zinthu zoti amazidziwa kale. Ejvind anatembenuzira nkhope kuwindo. Bodil atamugwira phewa kutsanzika, sanacheuke.

Kutacha, ku Aalborg kunali chifunga mbuu, moti mapiko a ndege sankaoneka pawindo la bwalo la ndege. Anauzidwa kuti adikire pang'ono. Pang'onopo panatalika. Anthu opita kusitima yomweyo ankadziwika ndi timapepala tofanana tomata pamasutikesi, ndipo anayamba kusonkhana okha, kufunsana, kuyang'ana mawotchi. Bodil anatulutsa buledi wakuda wopaka chiwindi yemwe anakonza kunyumba, n'kupatsako Agnete. Ankangoganiza ngati kuja amukumbukira Ejvind kuti phala salifuna lotentha.

Chifunga chitayamba kuyera anakwera, n'kukhalanso m'ndegemo osanyamuka, mawondo atagunda mpando wakutsogolo. Pofika ku Amsterdam anathamanga ndithu, amayi awiri achikulire, makonde ataliatali osatha, Agnete patsogolo nsapato zikulira, Bodil pambuyo wefuwefu, chiuno chikubaya. Anapeza pachipata pali zii. Ya ku Barcelona inali itapita kalekale.

Kenako unali mzere. Anaima pamenepo mpaka miyendo kuchita dzanzi, bambo wina wa ku Hjørring akukalipira aliyense wovala yunifolomu, mkazi wake akumukoka malaya. Atafika kutsogolo anauzidwa kuti ndege ina yokhala ndi malo ikafika ku Barcelona sitima itachoka kale. Anawapatsa chipinda kuhotela yapafupi ndi kapepala kotsimikiza kuti kuchedwaku sikunali kufuna kwawo.

Agnete anaimbira a inshulansi ali chiimire. Foni inamuimbira nyimbo nthawi yaitali asanayankhe munthu. Atamaliza anabwera nkhope itawala.

"Waona? Ndinanena ine. Mawa atikweza ya ku Genoa, tikagona kumeneko, sitima ikatipeza padoko. Matikiti tigule tokha, adzatibwezera. Tizisunga malisiti onse, ngakhale a khofi. Ukundimva, mlamu?"

"Ndikumva."

"Ukumva chiyani, maso ali gwa pakhoma?"

Anafika kuhotela dzuwa lisanalowe. Chipinda chinali wamba, mabedi awiri, windo loyang'ana pomwe amaimika magalimoto. Agnete analowa kubafa akulankhulabe za Genoa. Bodil anakhala pabedi kuti avule nsapato, anavula imodzi, n'kutsamira pang'ono. Sanadziwenso kanthu. Chakudya chamadzulo sanadye, ndege zodutsa pamwamba sanazimve, ngakhale pamene Agnete ankamuvula nsapato inayo n'kumufunditsa.

Anadzuka kunja kutayera, Agnete atavala kale, milomo atapaka, masutikesi ali pakhomo. Bodil anakhala tsonga, thupi lili lolemera ngati lonyowa. Anaganiza za makonde aja, mzere wina, ndege ina, hotela ina, kukoka sutikesi padoko lachilendo, kenako sitima yodzaza anthu ofuna kucheza, kuvala bwino pokadya, kutsika m'mawa uliwonse kukaona matchalitchi. Zonsezo zinamuonekera ngati ntchito ina yomwe wina wamulembera.

"Agnete, ine sindipita."

"Tavala, basi ikutisiya."

"Ndati sindipita. Pita iwe."

Agnete anaika chikwama pansi. "Wapenga? Tavutika chonsechi, sitima ili apa pomwepa, mawa lomweli."

"Ndikudziwa."

"Ndi Ejvind eti? Waimba foni? Chachitika n'chiyani?"

"Palibe chachitika. Sindikufuna kuthamangitsa chinthu china, Agnete. Miyendo yakana, mtima wakana."

Agnete anaimbanso ku inshulansi, akuganiza kuti mwina mawu a munthu wa mu ofesi amuopseza mlamu wakeyo, n'kumupatsira foni. Anayankha mtsikana wa mawu ofatsa.

"Mayi Thygesen, ndamva kuti simukufuna kupitiriza ulendo. Ndikuuzeni poyera: ife timalipira zoti mukaipeze sitima. Mukabwerera mwa kufuna kwanu, za sitimazo sitibweza."

"Ndamva."

"Kapena mwadwala? Ngati mwadwala, onanani ndi dokotala komweko alembe, nkhaniyo isintha."

"Sindinadwale, mwanangu. Ndatopa."

"Pepani mayi. Kutopa kulibe m'gulu la zomwe timalipira."

"Ndimayembekezera zomwezo. Zikomo, wandithandiza."

Agnete analira, kulira kwa mkwiyo, akupukuta m'maso mosamala kuti utoto usayenderere. Anati Bodil ndi wouma mutu ngati Ejvind yemwe, kuti banja lonselo ndi la anthu osadziwa kusangalala, kuti iye akakhala yekha patebulo ngati mfiti. Kenako anakhala pabedi pafupi naye.

"Ndiye ukamutenga lero lomwe, eti? Ukangofika, wathamangira ku Thisted."

"Ayi."

"Ayi?"

"Ndikupita kunyumba. Kunyumba kokha."

Agnete anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ine sindiuza munthu," anatero. Anatsegula chikwama, n'kutulutsa mafuta odzola padzuwa omwe anagulira awiri, kuwayang'ana, n'kuwabwezeramo. "Awa sukawafuna kwanuko."

Bodil anafika ku Hanstholm madzulo a tsiku lomwelo, pa basi yomaliza kuchokera ku Thisted. Basiyo inadutsa kumunsi kwa nyumba ya okalamba ija, iye n'kuyang'ana mbali ina. M'nyumba munali fungo la mankhwala ndi sopo. Anakankhira kukhoma chitsulo chonyamulira wodwala, sutikesi n'kuisiya pakhonde osatsegula.

Masiku oyamba ankangogona. Ankadzidzimuka atamva ngati Ejvind watsokomola, mwendo uli kale pansi, kenako n'kukumbukira, n'kubwerera m'bulangete. Anadya atakhala pansi, chakudya chikadali chotentha, zomwe anali ataiwala kuti zimachitika. Anasamba osasiya chitseko chotsegula. Tsiku lina anakhala kukhitchini kuyambira m'mawa mpaka masana osachita chilichonse, akuonera mvula. Chisangalalo panalibe. Chinalipo n'chakuti palibe ankamuitana.

Chikumbumtima sichinamusiye. Munthu wake anali pamtunda woti basi imodzi yokha, atayang'ana pawindo, akuganiza kuti mkazi wake ali pakati pa nyanja. Kawiri konse anavala jasi kuti apite, n'kuima pakhomo, n'kuvulanso. Mayi woyandikana naye nyumba anamuona akutaya zinyalala, anakweza dzanja, osafunsa kanthu. Agnete ankatumiza zithunzi pafoni: ali ndi chipewa chachikulu, ali ndi nkhanu pambale, ali pakati pa amayi awiri a ku Norway omwe anapalana nawo ubwenzi tsiku loyamba lomwe.

Tsiku lokamutenga litakwana, anapeza Ejvind atamuveka kale jasi, atamupesa tsitsi mbali yolakwika. Anali atachepa pang'ono kumaso. Ejvind anamuyang'ana Bodil kuyambira kumutu mpaka kumanja, mwa kuyang'ana kwa msodzi woona nyengo.

"Dzuwa," anatero. "Palibe."

"Sindinapse, eti? Sitima inatisiya, Ejvind. Ndege inachedwa ndi chifunga. Agnete anaithamangira mpaka anaipeza. Ine ndinabwerera."

"Kuti?"

"Kunyumba."

Dzanja lamoyo la Ejvind linkafinya chogwirira cha njinga. Bodil anadikira, monga ankadikirira mawu ake onse, osamuthandiza.

"Masiku... onse?"

"Onse."

"Osabwera."

"Osabwera. Ndimagona."

Ejvind anatembenuzira nkhope kuwindo. M'galimoto yonyamula odwala sanalankhule njira yonse, ndipo kunyumba anakana kudya mpaka mawa lake. Anamukwiyira pafupifupi mwezi, mkwiyo wa munthu wopanda mawu, wokankha kapu ndi kutseka maso. Bodil sanapepese, komanso sanadziteteze. Ankamutembenuza, kumusambitsa, kumudulira buledi.

A inshulansi anamubwezera Agnete zake zonse patapita miyezi, atawatumizira malisiti kawiri. Za Bodil anakana monga ananenera. Agnete ankafuna kukadandaula, Bodil anati zisiyeni.

Chomwe chinasintha n'chochepa. Nyengo yozizira itayamba, namwino wa kukhonsolo anafunsa ngati angafune kuti Ejvind azikakhala ku Thisted sabata imodzi pakapita miyezi ingapo. Kale akanakana asanamalize kufunsa. Ulendo uno anati alembeni. Ejvind anamva ali panjinga yake, anatukwana liwu limodzi lomwe sitiroko inamusiyira lathunthu, koma tsiku litafika analola kuvekedwa jasi.

Ejvind anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri. Masabata omwe iye ankakhala ku Thisted, Bodil sankapita kulikonse, ngakhale Agnete ankaimba foni kunena za Madeira, za Greece, za inshulansi ina yabwino koposa. Ankapita kukamuona Ejvind Lachitatu masana, atanyamula makeke, n'kubwerera pa basi ya madzulo. Ejvind atamwalira, akukhonsolo anabwera kudzatenga bedi lachipatala, njinga ndi chitsulo chija, pabalaza n'kutsala mabanga anayi pomwe panali miyendo ya bedi. Bodil anawakwecha ndi sopo atagwada, sanachoke, ndiye anapita ku Thisted kukagula kapeti.