Namafunso ndi Batani la Chigongono

Mwana wa mlongo wanga timamutchula Namafunso. Anabadwa akufunsa. Azamba amati atangotuluka anayang'ana nyali ya m'chipinda n'kufunsa kuti ikuyakiranji masana.

Lero ndi wamkulu, amalemba mapulogalamu a pafoni pa kampani ina. Ine ntchito imeneyi ndimaikayikira kuyambira kale. Ndinapitako tsiku lina m'mawa, ndinapeza anthu asanu ndi mmodzi ataimirira mozungulira, mipando yabwinobwino ili pomwepo. Aliyense amaulula zimene anachita dzulo ndi zimene achite lero, ngati wagwidwa. Pakhoma panali timapepala tachikasu tokwana kufolera nyumba. Kapepala kalikonse ndi ntchito imodzi, ndipo ikatha amakasunthira kumanja, pansi pa mawu oti "Zatha". Bwana wawo amawerenga timapepala takumanjato ngati mwini nkhuku madzulo.

Ndiye tsiku lina mlongo wanga anafika kwathu nkhope ili zii.

"Achimwene, mwana uja amuchotsa ntchito. Bwana wake akuti milungu iwiri ikutha asanasunthe kapepala ngakhale kamodzi. Lachisanu akapanda kuonetsa kanthu, basi. Komanso masana sakhala muofesi."

"Amapita kuti?"

"Ndikanadziwa ndikanabwera kwa inu? Pali mwamuna apa."

"Ngati alipo, ndi wopirira. Mafunso onse aja?"

Mlongo wanga sanaseke. Anandituma kukazonda.

Mawa lake ndinavala chipewa ndi magalasi akuda, jekete yanga yakale ili pamkono, n'kumutsatira mwanayo chapatali. Anadutsa misewu iwiri n'kulowa m'kashopu kochapira zovala. Ndinati eya, mkamwini ndi wosita.

Mkatimo munali nthunzi yoti munthu n'kupsa ataimirira. Makina akulira, masuti atapachikidwa mpaka kudenga. Mwamuna munalibe. Munali mayi wochapa, mwini shopu, manja ali thovu mpaka m'mikono. Namafunso anali atakhala pa ndowa yovundikira pakona, kope pamwendo.

"Amalume," anatero osadzutsa mutu, "magalasiwo ndi a mayi anga."

"Ndabwera kudzachapitsa jekete. Iwe ukudikira ndani?"

"Palibe. Ndikuonerera manja a mayiwa. Pulogalamu imene timapanga kuofesi ndi yawo."

Mayi wochapa analoza ndi chibwano pa shelefu yapamwamba. Foni inali pamenepo, itakulungidwa m'pepala la pulasitiki.

"Ndi imeneyo pulogalamu yawoyo, bambo. Mabatani ake ndi ambiri kuposa a malaya onse muno. Lina limandiuza za nyengo. Lina limafunira makasitomala mafuno abwino pa tsiku lobadwa. Koma ine manja anga ndi onyowa kuyambira m'mawa, ndipo foni siimva chala chonyowa. Vuto langa n'limodzi, ndimasokoneza zovala. Timapepala ta mayina timanyowa, inki n'kufufutika."

Anandiuza za mkwati wina wamfupi amene anamupatsa suti ya chimphona. Akuti mkwatibwi anamufunafuna mpaka m'matumba.

"Anzanga asuntha timapepala makumi atatu," anatero Namafunso. "Mayiwa sanadine batani ngakhale limodzi."

"Nanga iwe ukupanga chiyani?"

"Ndikuchotsa mabataniwo."

"Anakulemba ntchito yomanga, iwe ukugumula. Amayi ako akomoka."

Ndinasiya jekete n'kumapita, mtima uli m'mwamba. Ndinayamba kuganiza kuti bola akanakhala mwamuna.

Milungu iwiri iliyonse, Lachisanu, a kuofesi kuja amaonetsa zimene apanga kwa mwini pulogalamu. Ine ndinalowa nawo monga wonyamula ndowa ya mayi wochapa, palibe anandifunsa. Anzake a Namafunso anayamba. Wina anaonetsa batani losintha mtundu wa zilembo. Bwana anagwedeza mutu mpaka ndinaopa kuti uthothoka.

Kenako anatembenukira kwa mwana wathu. "Inuyo, timapepala tanu tili kuti?"

Namafunso anakweza kapepala kamodzi. Anaika ndowa ya madzi patebulo la misonkhano, n'kuimika foni pambali pake. Pa foniyo panali batani limodzi lokha, lalikulu ngati mbale. Anandiimika kutsogolo nditagwira jekete yanga, imene mayi wochapa anabwera nayo. Mayi wochapa anaviika manja m'madzi, n'kudina batanilo ndi chigongono. Foni inatijambula, ine ndi jekete pamodzi.

"Mwini chovala akabwera kudzatenga," anatero Namafunso, "amapeza yekha chithunzi chake ndi chala chake chouma. Mayiwa amangoyang'ana n'kutsitsa chovalacho."

Bwana anayang'ana foni, anayang'ana mwanayo, anandiyang'ananso ine ngati ndabisa mabatani enawo m'chipewa.

"Milungu iwiri, batani limodzi?"

"Ndayamba kuligwiritsa ntchito Lachitatu," anatero mayi wochapa. "Sindinasokoneze ngakhale sokosi. Mukabwezeretsa enawo, foni ibwerera m'pulasitiki."

Bwana sanakhulupirirebe. Anapinda malaya, anaviika manja ake m'ndowa, n'kutsegula pulogalamu yakale ija. Anadina kasanu ndi kawiri, ndinawerenga. Foni inangoti duu. Madzi anayenderera mpaka pa wotchi yake.

Anapukuta manja pa thalauza, anatenga kapepala ka Namafunso, n'kukamata yekha pansi pa "Zatha". Kenako anaima nthawi yaitali akuyang'ana timapepala makumi atatu tija.

"Lolemba," anauza anzake a Namafunso aja, "nonse mukakhale pa ndowa."

Ntchito ya mwana wathu inapulumuka choncho. Mlongo wanga akukayikirabe, akuti palibe mtsikana angakhale m'nthunzi milungu iwiri popanda mwamuna penapake.

Amene ndinaluza ndine. Jekete ija ndinaisiya kumeneko ndili ndi chiyembekezo choti mayiyo asokoneza, andipatse ina yabwinoko. Anandibwezera yomwe ija, yong'ambika m'khwapa, ndi chithunzi changa monga umboni.