Tsiku Limene Ndinagwadira Hatchi

Anthu ena akamva nkhaniyi amati ndimathirako mchere, koma ine ndine mayi wa zidzukulu tsopano, ndinamizirenji anthu? Zinandichitikiradi, masanasana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ena mwa amene anaona ndi maso alipobe, kungoti safuna kuti izikambidwa, pa chifukwa chimene muchimve nokha.

Inali nthawi ija matipate angolowa kumene, aliyense akuyankhula zakukhosi. Ine ndi bambo a kunyumba tinachoka kwathu kummwera n'kukakhala matenanti pa esiteti ina ya fodya, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Titangofika, amayi anzanga anandilangiza kuti kuno ndi kwa gule, ukakumana ndi chilombo panjira usathawe kapena kuchiyang'anitsitsa, ungopatuka, ugwade, uzolike. Mawu amenewo ndinawasunga kuposa ulaliki.

Eni esitetiyo anali atangobwera kuchokera kunja kumene anathawira m'zaka zovuta zija, ndipo anabwerako ndi hatchi. Inkakhala m'khola la njerwa kuseri kwa nyumba yawo, kumene tenanti sankapondako. Ine ndinkangomva kuti kuli hatchi, ndipo m'mutu mwanga ndinkati n'kanyama konga bulu, mwina kusiyana makutu okha.

Tsikulo ndinkachokera kwa mnzanga kokapempha gaga wa nkhuku zanga, dengu pamutu, mwana wa miyezi isanu kumsana. Ndikutsika kanjira ka m'mbali mwa munda ndinamva gudugudu kumbuyo, nthaka n'kumanjenjemera. Nditacheuka, abale anga, chinthu chofiirira, chachitali kuposa denga la khitchini yanga, tsitsi lili m'khosi, mano onse pamtunda. Ndinangoti basi, chilombo ankanena chija ndi chimenechi. Ndinapatuka n'kugwada, dengu likadali pamutu poti ndinaiwala kutula, n'kutsinzina.

Chinafika n'kuima. Ndinamva mpweya wotentha m'khosi muno, kenako dengu linayamba kulemera ndi kugwedezeka. Ndinayamba kupepesa ndi ulemu wonse, kuti pepani akuluakulu, ndine mlendo, sindinaone kanthu, mwanayu ndi wakhanda mumuchitire chifundo. Akuluakuluwo ankangotafuna pamutu panga. Mwana naye m'malo molira anayamba kuseka. Ndinagwada pamenepo mpaka mawondo kuchita dzanzi, kufikira nditamva zinthu zikugwa pansi kuti phwa phwa, fungo n'kubwera. Nditasuzumira ndi diso limodzi ndinaona ndowe zikufuka nthunzi. Tsono ngakhale ndinali mlendo, ndinali ndisanamvepo kuti chilombo cha gule chimasiya ndowe panjira. M'pamene ndinazindikira kuti nthawi yonseyi ndakhala ndikugwadira hatchi ya abwana.

Mukuganiza kuti mtima unakhala pansi? Mantha ndiye anachita kuwirikiza, chifukwa chilombo mwina chimamva kupepesa, nanga nyama? Ndinadzuka n'kuyamba kuyenda, iyo pambuyo. Ndinathamanga, iyonso n'kuthamanga, mlomo wake ukufunafuna pamutu panga. Nzeru yoti ndingotaya dengulo sinandibwerere n'komwe, ndinaligwiritsitsa ndi manja onse awiri.

Ndinalunjika kuchigafa chachikulu chopachikamo fodya, poti ndinkadziwa kuti azibambo onse ali kumeneko pa msonkhano wokonza madandaulo okatula kwa abwana. Ndikuyandikira ndinamva mawu a bambo a kunyumba, ndiwo anali ataimirira, akunena kuti masiku a mantha anapita, lero mwamuna saopa munthu kapena chinthu chilichonse. Anthu ali mkati mowomba m'manja ndi pamene ndinatulukira ine ndi mlendo wanga. Sindinaonepo msonkhano wotha msanga chotero, wopanda ngakhale pemphero lotsekera. Akapitawo anadumphira m'dzenje la zinyalala, ena analowa m'chimanga, bambo a kunyumba ndinangoona zidendene zawo zili m'mwamba mwa chigafa, pakati pa fodya.

Zoseketsa zinathera pamenepo. Bambo wina ali patali anaigenda hatchiyo ndi chibuma, n'kuimenya m'nthiti. Hatchi inalira kulira kwina kwake, n'kuimirira ndi miyendo iwiri, ziboda zili pamwamba pa mutu wa mwana wanga. Inatera pafupi ndi phazi langa moti fumbi linandilowa m'kamwa, mwana n'kulira mokuwa.

Amene anatipulumutsa ndi mkulu wina wosamalira hatchiyo. Ankabwera akutsimphina, chifukwa hatchiyo pothyola chitseko cha khola inamugwetsera chitsekocho pamwendo. Anakalipira wogenda uja, kenako n'kundiyankhula motsitsa mawu.

"Mayi, imani pomwepo. Si inu ikufuna, ndi gaga. Tulani dengu muliike m'chiuno, muziyenda pang'onopang'ono cha kukhola. Kumbuyo kwake kokha musapiteko."

"Bwanji osalitenga inuyo dengulo, bambo?"

"Lero yandikwiyira. Ndinayamba ndakamvera msonkhano, ndiye ndaichedwetsera chakudya. Ikandiona pafupi ithawira kumsewu."

Ndiye tinauyamba ulendo, ine dengu m'chiuno, hatchi mutu uli m'dengu, mkulu uja akutsimphina chapatali, ndipo kutali kwenikweni azibambo onse akutsatira, aliyense akupereka malangizo. Ine maso anali pa gaga, ndikupemphera kuti asathe tisanafike, nanga akatha idya chiyani, khutu langa? Mpweya wake unkandiwomba pamkono, diso lake lalikulu ngati dzira la bakha likundiyang'ana. Titadutsa nazale ya fodya ndinayamba kuiyankhula, sindikudziwanso kuti bwanji, kuiuza kuti tafika mwanawe, pang'ono pokha.

Ndinalowa nayo m'khola, n'kuika dengu pakona, n'kutuluka chafutambuyo. Mkulu uja anapingasa mitengo itatu pakhomo poti chitseko chinali zidutswa. Apo ndinangokhala pansi n'kuyamba kulira, kenako kuseka, mpaka amayi anzanga anadzanditenga. Dengu linabwerera mawa lake lili lodyeka mlomo wonse.

Bambo a kunyumba anatsika m'chigafa zonse zitatha, masamba a fodya ali m'mutu. Anandiuza kuti anakwera dala kuti aone bwino kumene nyamayo ikulowera, ndipo mpaka tsiku limene anatisiya sanasinthe mawu amenewo. Ine sindinawatsutsepo pagulu, banja limafuna choncho. Koma pokatula madandaulo aja, azibambo anagwirizana kuti nditsogole ndine, ati abwana sangandikalipire poti ndinawabwezera hatchi yawo.

Lero ndimakhulupirira kuti nyama ija inalibe mtima woipa, inali ndi njala basi, ndipo chanjala chilichonse ukachitsekera chimathyola chitseko. Chimene chikanapha mwana wanga ndi chibuma chija, osati hatchi. Choncho inu anzanga, mukadzakumana ndi hatchi yothawa m'khola, musaigende, musaithamangire kumbuyo, muiyankhule modekha ndipo chimene mwanyamula muipatse. Ndipo ngati mukufuna wokuthandizani, musathamangire kumene kukumveka mawu a anthu olimba mtima. Funani amene amaidyetsa, ngakhale akhale wotsimphina.