Masabata atatu amene bambo anali mlendo

Bambo anga anali mphunzitsi wopuma pantchito komanso mkulu wa mpingo, ndipo mawu oti ufulu ankawakonda kuposa tiyi. Tsiku lina anapalasa njinga kupita pa Nsaru kukalembetsa nambala yatsopano ya foni. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana chiphaso chawo cha unzika n'kuwabwezera.

"Agogo, chiphaso chanuchi chinatha ntchito."

"Kodi ine ndinasiya liti kukhala Mmalawi?"

"Tsiku lake alemba apa," anatero mtsikanayo akuloza ndi chala.

Atafika kunyumba anatiuza kuti poti dziko lawataya, iwonso alitaya. Loweruka anthu akupita kukaumba njerwa za sukulu, bambo anakhala pakhonde atapingasa miyendo. Aliyense wodutsa ankamuuza kuti chitukuko n'cha nzika, iwo ndi mlendo. Kumsonkhano wa mjigo sanapitenso.

Mayi anapirira masabata atatu. Kenako tsiku lina masana, ine ndikuwathandiza kusenda mtedza, anayamba osakweza n'komwe mawu.

"Abambo, poti mwati ndinu mlendo, tiyeni tilongosole. Mudzi uno ndi wa amayi anga. Munda mumalimamo fodyawu ndi wa kwathu. Inu munachoka ku Kabudula ndi sutikesi imodzi ndi Baibulo. Zaka zonsezi, ndani anakufunsanipo chiphaso?"

"Zimenezo n'za chikamwini," anayankha bambo. "Ine ndikunena za malamulo a dziko."

"N'zimodzimodzi. Pamudzi pano chiphaso chanu ndine. Nanenso tsiku lina ndidzatha ntchito."

Ine ndinaseka mpaka mtedza kutayika. Bambo sanaseke. Anayang'ana kumsitu wa kumanda.

"Ana anga awiri ali uko," anatero. "Ndinkayesa kuti zimenezo zinakwana."

Mayi anangopitiriza kusenda. Koma Lamlungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, anaitana alongo awo awiri. Anawauza pamaso pathu tonse kuti iwo akadzatsogola, aphunzitsi asadzasunthidwe, nyumba ndi dimba la kudambo n'zawo mpaka imfa. Amalume aakulu anayesa kutsokomola. Mayi anawafunsa ngati akufuna madzi, chifuwacho chinatheratu pomwepo. Anandituma kuti ndilembe zonse papepala, ndipo amalume onse awiri anasaina.

Mawa lake bambo anavala jekete n'kupita kukaima pamzere wokonzetsa chiphaso. Anaima tsiku lonse, akuphunzitsa anzawo a pamzerepo za ufulu wa okalamba wokhala pampando, koma palibe anawapatsa mpando. Loweruka atapita kuchitukuko anapeza njerwa zitaumbidwa kale, ndiye anthu anawapatsa ntchito yotuta nkhuni zowotchera uvuni.

Chiphaso chatsopano chitabwera, anavala magalasi n'kufufuza tsiku lake lothera. Anawerengetsa zaka zawo ndi zala, n'kunena kuti ulendo wotsatira mzerewo akaima ena, iwo adzakhala atapuma.