Zibangili za azakhali a Minoti

"Ine ndafedwa amuna kakhumi ndi kanayi," anatero azakhali a Minoti, akuchotsa mamba a nsomba.

"Ndipo maulendo onsewo ndimadzuka n'kupempha tiyi," anayankha amuna awo, a Haradhan, ali gone pabedi. Anali atangotuluka m'chipatala ndi vuto la mtima.

Ndinali nditabwerera ku Kolkata patapita zaka zisanu ndi zinayi ndili ku Toronto. Ntchito ndinalibe, kukhala pansi sindinkatha, choncho ndinkangotsatira azakhali ku Tollygunge kokajambula masewero a pa TV. Iwo anayamba zisudzo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, m'filimu ina momwe analowa ndi thireyi n'kunena mawu atatu: "Tiyi wafika, bwana." Kenako ankasewera ngati mlamu wamiseche. Tsitsi litayamba imvi, masewero a pa TV anawapatsa sari yoyera, nsalu yovala mkazi wamasiye, ndipo sanawalandenso.

Chimene chinkandichititsa chidwi n'chakuti pojambula ankavula zibangili zawo zaukwati, choyera cha chigoba cha nkhono ndi chofiira, n'kuzikulunga m'kampango, n'kubisa m'bulauzi. "Bola zikhudze thupi," ankatero, pakuti kwathu zibangilizi zimachoka ndi kuphwanyidwa pokhapokha mwamuna akamwalira.

Tsono kunabwera wotsogolera sewero watsopano, Arko. Ankafuna kujambula akuchimuna akuphwanya zibangili za namfedwa pamwala, kamera ili pafupi. Zapulasitiki anazikana. Anaona za azakhali, zachikasu ndi ukalamba, n'kunena kuti akufuna zimenezo Lachinayi. Akakana, namfedwayo amutumiza kumudzi m'nkhaniyo, ntchito n'kuthera pompo.

"Azakhali, ndi chigoba chabe," ndinatero. "Chigoba chingaphe munthu?"

"Tamvani mzungu wathu. Unapita kunja kukaphunzira kapena kukaiwala?"

"Ndikungofunsa."

"Funsa uko ukuvala nsapato. Tiye."

Tinakwera basi mpaka ku Bagbazar, kukashopu kakang'ono konunkha fumbi la nkhono. Wogulitsa, mkulu wa magalasi okhuthala, anawazindikira. "Amayi a m'sewero la madzulo aja. Inu si amasiye kodi?"

"Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu basi, achimwene. Tipatseni ziwiri zoyera."

Mkuluyo anatambasula dzanja kuti awaveke yekha, monga mwa mwambo wake. Azakhali anabisa mikono kumbuyo.

"Zikangolowa pamkono wanga zasanduka za a Haradhan. Ndiye ndiziphwanye bwanji?"

"Nanga Lachinayi simudzazivala?" ndinafunsa.

Azakhali ankayang'ana manja anga, monga amayang'anira nsomba pamsika.

"Rimjhim, uli ndi mwamuna?"

"Mukudziwa kuti ndilibe."

"Chibwenzi cha ku Toronto chija?"

"Chinatha."

"Zili bwino. Palibe woti afe, ndiye Lachinayi udzazivala ndiwe. Pamenepo kamera imangoona manja, nkhope ayi. Wopaka anthu utoto adzakujambula makwinya. Arko ndimuuza ndine. Amayi ake ndinasewera nawo, sanganditsutse kawiri."

Wogulitsa anagwira dzanja langa, n'kufinya zala pamodzi, n'kulowetsa chibangili pang'onopang'ono kuti ayese. Chinali chozizira, cholemera kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinafunsa ngati angatsitseko mtengo. Onse awiri anandiyang'ana ngati ndalavula m'kachisi.

"Izi sitinenerera," anatero azakhali chapansipansi. "Mukhululukireni, achimwene, wakhalitsa kozizira."

M'basi ndinawauza kuti zayera kwambiri, Arko adzadziwa kuti n'zatsopano.

"Tiziviika mu tiyi masiku atatu. Amalume ako amasiya wotsala m'kapu tsiku lililonse, athandizeko nawo."

Zibangili zawo zinkagundana pamkono atagwira chitsulo cha basi. Zinazo ndinazifumbata pamiyendo, zokulungidwa m'nyuzipepala, ndipo basi ikagwa m'dzenje ndinkazikweza m'mwamba kuti zisasweke Lachinayi lisanafike.