Nyumba Imene Agogo Ankakhomamo Msomali

Fungo la waya wopserera likandipeza, ngakhale pa okonza mafoni mu Limbe, ndimapezeka ndili kwathu ku Kapichi, m'kachipinda ka agogo aamuna, a Muhiwa, kautsi kopyapyala kakukwera kuchokera pa kachitsulo kawo kowotcherera, wayilesi ikusokosa ngati mvula pa malata, panja nkhungu ya chiperoni itaphimba minda ya tiyi mpaka mabulugamu a kutsidya osaoneka. Anali bambo a mayi anga. Anagwira ntchito ya magetsi ku esiteti mpaka kupuma, ndipo kumeneko ndi kumene anakondera wayilesi yolankhulirana, ija ya ova-ova. Bwana wina wa ku fakitale popita kwawo anawasiyira yake, iwo n'kutenga laisensi. Waya wake anaumanga kuchokera pa mtengo wa mapeyala kukafika pa bulugamu, ndipo dzuwa likapendeka ankakhala pansi n'kumaitana anthu a m'mayiko amene ine sindinkatha n'kuwatchula komwe.

Zinkandichititsa manyazi, ndisaname. Anzanga agogo awo ankaweta mbuzi, anga ankacheza ndi mphepo. Kusukulu dzina langa la Esinati linatha, ndinali mdzukulu wa a Ova-Ova. Tikamathyola tiyi m'kamunda kathu, amayi odutsa ankaloza waya uja n'kufunsa kuti ndege itera nthawi yanji, ine n'kumalowetsa nkhope m'dengu.

Kompyuta inabwera ndi amalume a Gelesomu, mwana wawo woyamba, pochokera ku Joni. Inali laputopu yakale. Agogo anailumikiza ku wayilesi, moti tsiku limene mawu sakumveka bwino, timalikhweru ta m'wayilesi tinkasanduka zilembo pagalasi, iwo n'kumayankha ndi chala chimodzi. Kenako mnzawo wina wa pa wayilesi anawatumizira kadisiki papositi. Anachotsa Windows, pulogalamu yaikulu imene inkayendetsa kompyutayo, n'kuikamo ina yotchedwa Linux. Anavutika nayo masabata ambirimbiri kuti igwirizane ndi wayilesi, akung'ung'udza m'Chilomwe. Maso akawakana ankandiitana monga agogo aitanira mdzukulu: "Akazi anga, tabwerani mundiwerengere tizilembo iti." Ndinkawerenga mothamanga, maso ali pazenera, kuopa kuti anzanga andiona.

Amalume atabwera pa Khirisimasi anatsegula laputopu ija n'kugwira pakamwa.

"Ababa, mwaitani kompyuta? Windows ija ili kuti? Dziko lonse likugwiritsa ntchito imeneyo. Ikavuta, mnyamata aliyense pa Boma akukonzerani. Mapulogalamu anu a wayilesiwo aliponso, ongodina basi."

"Sindikukana, ndi yabwino," anatero agogo. "Ili ngati nyumba ya kampani. Ine ndakhalamo m'nyumba ya kampani. Penti wopakapaka, mpopi pakhomo, ikadontha amabwera okha. Koma ukafuna kukhoma msomali wopachikapo jekete, kapemphe kaye. Inoyi ndi ya zidina, youmba wekha. Imadontha, padenga ndimakwera ndekha. Koma msomali ndimakhoma pamene ndafuna."

Agogo aakazi, akusenda chinangwa pakhonde, anaponyapo lawo: "Nyumba yanu ndi imeneyo basi, akamwini inu!"

Tinaseka tonse, agogo aamuna nawonso anaseka. Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo malo, mitengo ndi ana zimakhala za kuchikazi. Agogo anachoka m'nyumba ya kampani n'kulowa pamalo a akazi awo. Njerwa za nyumba imene tinkagonamo anaumba ndi manja awo, koma dothi lake linali la eni. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndi nthabwala chabe.

Agogo aakazi anamwalira ndili Sitandade 8. Patapita miyezi, abale anasonkhana pansi pa mtengo wa mapeyala uja kuti achite mwambo wa kusudzula, womasula munthu wofedwa. Alongo awo a malemu anayankhula bwino kwambiri. Anathokoza a Muhiwa posunga mlongo wawo, n'kunena kuti tsopano ndi omasuka. M'mabanja ambiri akafika apa amawonjezera kuti, komabe musachoke, khalani muziyang'anira ana. Kwathu mawu amenewo sanatuluke. Ndinayang'ana amayi, anali atazyolika. Amalume ankakanda pansi ndi kamtengo. Aliyense ankadziwa kuti pamalopo pakufunika kudzalidwa tiyi wina, ndipo bulugamu uja anali atapeza kale womugula.

Agogo anaomba m'manja mwaulemu n'kuti, "Zikomo, ndamva." Tsiku lomwelo anakoka makwerero n'kukwera okha kukamasula waya wawo, munthu wa imvi mbuu, miyendo ikunjenjemera. Ife mbumba yonse tinangoyang'ana. Mpaka lero ndikaganiza za makwerero amenewo nkhope imanditentha, chifukwa panalibe ngakhale mmodzi wa ife amene anapita kukawagwirira.

Anapita kwa mlongo wawo kuseri kwa Makwasa, wayilesi ili m'katoni pa kabaza. Laputopu anaisiya m'manja mwanga popeza kumeneko kunalibe magetsi.

"Akazi anga, mundisungire nyumba yangayi. Ndikamanga waya n'kupeza sola, mudzandibweretsere."

Chaka chomwecho ndinasankhidwa kupita ku sekondale. Amalume anati kompyuta anagula ndi iwo, mwana akufunika kuphunzirirapo, ndipo kusukulu amaphunzitsa ya Windows. Ndinafunsa kamodzi, motsitsa, kuti nanga agogo. Anati agogo akalamba, za ova-ova zinatha. Anapita nayo ku Boma m'mawa, madzulo n'kubwera nayo ili yatsopano m'kati, nyimbo zili tho. Ndipo ndinakondwa. Omwe aja ankandinena anayamba kubwera kwathu kudzaonera mafilimu, dzina langa la Esinati n'kubwerera.

Pa holide amayi anandituma kwa agogo ndi nthochi ndi kathumba ka nandolo. Laputopu ndinainyamula, chifukwa kuisiya kukanaoneka ngati ndaiba. Ndili patali ndinaona waya utamangidwa pa mtengo wa mango, ndi kasola kali padenga la udzu. M'kanyumba mwawo munali fungo lomwe lija. Anali atakhoma katebulo ka matabwa otsala, wayilesi ili mbali ina, mbali inayo atasiya malo opanda kanthu, opukutidwa bwino, chingwe cholumikizira chitagonekedwa pomwepo kudikira.

"Mwabwera nayo nyumba yanga?"

Ndinaitulutsa m'chikwama. Anaiika pamalo paja, n'kuvala magalasi, n'kuyatsa. Anayang'ana nthawi yaitali. Anayendetsa chala uku ndi uku, kufunafuna zinthu zawo zimene anavutika nazo masabata onse aja, koma munalibe n'chimodzi chomwe.

"Apaka penti," anatero. "Apaka bwino ndithu."

"Ndi za sukulu, agogo. Amalume anati..."

"Sukulu ndi yabwino, akazi anga. Bwererani nayo, muziphunzirirapo."

"Tikhoza kuikamonso ija. Kadisiki kaja kali kuti?"

"Kanatsala m'chipinda muja. Mwina anasesera kudzala." Anaseka pang'ono. "Munthu sasamuka kawiri n'kuyambanso kuumba njerwa. Msana wakana."

Anatseka laputopu ija mosamala n'kundipatsa ndi manja awiri, ngati ndine mlendo wolemekezeka. Chingwe chija anachikulunga pa zala n'kuchiponya m'katoni. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. M'malo mwake anandiwotchera chinangwa, n'kumandifunsa za aphunzitsi anga. Wayilesi anapitiriza kuitanirapo ndi pakamwa, koma mawu awo anali atayamba kuchepa, ndipo oyankha ankachepa nawo. Anamwalira ndili Fomu 3, n'kuikidwa komweko, kutali ndi akazi awo.

Lero kuntchito ndimagwiritsa ntchito zonse ziwiri, ya kampani ndi ya zidina, ndipo ndilibe nazo mlandu. Malo a ku Kapichi anagwera ine. Amuna anga ndi a ku Ntcheu, munthu wofatsa, ndipo anavomera kumanga kwathu. Tsiku limene tinalowa m'nyumbamo anaima pabalaza, hamala ili m'manja, n'kundifunsa kuti, "Amayi a Tamanda, ndingakhome msomali apa? Ndikufuna popachika jekete."

Ndinakhala pansi. Ndinawauza kuti akhome paliponse, ngakhale khoma lonse, koma asadzandifunsenso. Sabata yomweyo ndinaitanitsa alongo anga pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kuwauza ndili moyo, ndili ndi mano onse, kuti ndikadzatsogola ine, posudzula amuna anga mawu aja adzawamalize: komabe musachoke.