Galimoto Yochokera ku Japan

Chaka chimene wailesi inkangokamba za ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Japan, n'kuti ine nditangogula galimoto yakale yochokera komweko. Pamsika wa Katete anthu ankati zitsulo zake zanyamula poizoni wosaoneka wotchedwa radiyeshoni. Akazi anga anali oyembekezera, ndipo anakaniratu kukwera. Kutchalitchi tinkapita wapansi, galimoto ili pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinkangoizungulira, kuitsuka, kenako kubwereranso kukaiyang'ana.

Msuweni wanga wogwira ntchito kumigodi atati akubwera kudzacheza, ndinamupempha kuti atenge kamakina koyezera radiyeshoniyo. Atafika n'kukayandikitsa pampando wa galimotoyo, kanayamba kulira kuti te, te, te.

"Ndiye kuti ndaphetsa banja?" ndinamufunsa.

"Dikirani kaye, asuweni," anayankha. Anapita nako kunkhokwe, kanalira chimodzimodzi. Pamwala waukulu wa kuseri kwa nyumba kanalira mofulumirako.

"Nthaka, miyala, ngakhale thupi lanuli, zonse zimatulutsa pang'ono chilengedwere," anatero. "Tikanadandaula galimotoyi ikanaposa zimenezi. Siinapose."

Akazi anga anamvetsa, ndipo Lamulungu lotsatira anakwera, ngakhale zenera anatsekula. Koma ine mtima sunakhale m'malo. Pamwala paja ndi pamene tinkayanika mphale, ana n'kumaseweranso pomwepo. Msuweni ananditsimikizira pafoni kuti palibe choopsa, komabe kwa miyezi ingapo ndinkawathamangitsa anawo kuti azikasewera kwina, osatha kuwauza chifukwa chake.