Chaka chimene bambo anabwerera ku mgonero

Bambo anga anadulidwa mu mpingo ine ndili kale pabanja. Mlandu wawo unali wa mitala.

Mng'ono wawo wa bambo anamwalira atadwala nthawi yochepa, nasiya mkazi ndi ana atatu. Mkaziyo, amene ife tinkawaitana kuti amayi aang'ono, analibe kwawo kodziwika. Makolo awo anachokera kummwera kudzagwira utenanti m'maesiteti a fodya kuno ku Kasungu, ndipo onse awiri anali atamwalira kale. Iwo anabadwira pa esiteti ina nakulira pa ina. Ukawafunsa za kwawo ankatchula dzina la phiri limene sanalionepo n'kamodzi komwe.

Kwathu, cha ku Simlemba, mkazi amakhala kwa mwamuna. Maliro atatha, abale anafuna kuwasudzula amayi aang'ono kuti azipita, ndipo aliyense ankadziwa kuti maso a abalewo anali pa munda wa kudambo umene malemuwo anasiya. Bambo anakana. Anati mlamu wawo sapita kulikonse, ndipo kuti nkhani ithe anawalowa chokolo. Sindinama kunena kuti chinali chifundo chokha. Patapita nthawi m'nyumbamo munabadwa mwana wamkazi wofanana ndi bambo mphuno ndi mayendedwe omwe.

Akulu a mpingo anawaitana ku bwalo lawo. Bambo sanatsutse kanthu. Anawadula onse awiri, iwo ndi amayi aang'ono. Amayi anga ondibereka, poti anali mkazi woyamba wa ukwati wa m'tchalitchi, anatsala mu mpingo monga kale.

Chodabwitsa n'chakuti bambo sanaleke kupita kutchalitchi. Lamulungu lililonse ankavala jekete lawo lakuda, n'kukakhala pa benchi yakumbuyo. Tsiku la mgonero, ulaliki ukatha, mkulu wa mpingo ankalengeza kuti amene si a mgonero atuluke. Bambo ankatuluka pamodzi ndi ana a sukulu ndi anyamata osabatizidwa, n'kukakhala pa muzu wa mtengo wa mango, chipewa chili pa bondo, kudikira kuti amayi atuluke. Pamene mpingo unkamanga tchalitchi chatsopano, ngolo ya bambo ndi imene inatuta njerwa ndi mchenga chilimwe chonse. Ng'ombe zawo palibe amene anazifunsa za mitala.

Zaka zimenezo ndi zija za makuponi. Olemba mayina a olandira feteleza wotsika mtengo anati bambo ndi akazi awo awiri ndi banja limodzi, kotero kuponi inkabwera imodzi, chaka china osabwera n'komwe. Thumba likafika, bambo ankaligawa ndi beseni pakhonde, akazi onse awiri akuyang'ana. Amayi ankadandaula kuti feteleza wa nyumba imodzi akudyetsa minda iwiri, ndipo chimanga chathu chinkachita chikasu chisanafike m'chiuno. Komabe nthawi ya fodya ikafika, akazi awiriwo ankakhala mphasa imodzi m'chigafa, kusoka masamba kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Sanali pa chibwenzi, koma anazolowerana monga ng'ombe za goli limodzi. Amayi akadwala mutu, amene ankawatungira madzi anali amayi aang'ono.

Ine ndinabwerera pakhomo pa makolo anga mwamuna wanga atapita ku Joni n'kusiya kutumiza mawu. Ndinapeza bambo atayamba kutsokomola. Poyamba tinkati ndi fumbi la fodya, monga amachitira alimi onse. Koma chifuwacho sichinathe, thupi linayamba kutha, ndipo kuchipatala cha ku boma anangotipatsa mapilitsi n'kutiuza kuti tikawasamalire kunyumba. Chaka chimenecho mvula inadula fodya ali wamng'ono, masamba anatuluka opyapyala ngati pepala, ndipo kuponi sitinaione.

Tsiku lina masana ndikusoka fodya, bambo anabwera ndi ndodo nakhala pa mpando pafupi nane. Kenaka anati:

"Iwe mwanawe, unaphunzira kalasi mpaka kubatizidwa. Tandiuza. Munthu wofera kunja kwa mpingo amapita kuti?"

Ndinawayankha zimene anatiphunzitsa, kuti wopulumutsa munthu ndi Ambuye, ndipo amayang'ana mumtima.

"Zimenezo ndimazimva ndili pa benchi yanga," anatero. "Koma mpingowo anauika ndani? Si Iye yemweyo? Ndiye ngati anthu ake anditsekera kunja, Iye adzanditsekulira bwanji osawachititsa manyazi anthu akewo?"

Ndinaona kuti bambo anga, munthu amene sankaopa njoka kapena wina aliyense m'mudzimo, anali ndi mantha.

Mawu anafika kwa mkulu wa mpingo wa dera lathu, nkhalamba imene inawetera limodzi ng'ombe ndi bambo ali anyamata. Anabwera pa njinga nalowa m'nyumba ya amayi m'mene bambo ankagona. Ine ndinali momwemo ndi phala la odwala. Amayi aang'ono anali panja pansi pa windo, akusenda chinangwa.

Atatha kupemphera, mkuluyo anati, "Achimwene, nthawi yatha. Bwererani. Abusa ndalankhula nawo, ndipo akuti poti mukudwala sangakuikeni pa kalasi ya miyezi. Chofunika n'chimodzi chokha, ndipo mukuchidziwa."

"Ndimuthamangitsire kuti?" bambo anafunsa. "Mundiuze mudzi wake, ndimuperekeze."

"Lamuloli sindinaliike ndine. Mpingo ndi khola, achimwene. Khola lopanda mpanda si khola. Tikakutsekulirani inu muli ndi akazi awiri, mawa anyamata onsewa atenga achiwiri n'kumatiloza chala."

"Mungonena kuti akhale pakhomo pano, ine osalowanso m'nyumba mwake. Taonani mmene ndililimu. Ndingalowe m'nyumba ya yani?"

Mkuluyo anapukusa mutu. Anati bwalo linakambirana kale zimenezo, ndipo ena anakana. Akakhala pakhomo pomwepo, anthu aziti ukwati ulipobe. Ananena izi misozi ili m'maso, ndipo sindinamuonepo ngati munthu woipa. Bambo anatembenuka nati, "Ndiye ndifera kunja konkuno."

Masiku otsatira amayi anasiya kudya bwino. Iwo anali m'gulu la amayi a mpingo, a zovala zoyera aja, ndipo panalibe maliro a Mkhristu m'dera lathu amene sanakayimbeko. Mmawa wina tili pa mjigo, amayi aang'ono ali kumbuyo kwathu ndi ndowa yawo, amayi anandiuza kuti, "Ndayimbira amuna a eni zaka zonsezi. Wanga adzapita kumanda mwakachetechete ngati wakuba." Sindidziwa ngati ankafuna kuti mnzawoyo amve. Sindinawafunsepo.

Sabata yomweyo amayi aang'ono anamanga katundu wawo mu chitenje. Ana awo atatu aakulu anawasiya, poti anali a pamudzipo ndipo anali pa sukulu. Anatenga wamng'ono yekha uja. Anabwera kudzagwada pakhomo la chipinda cha bambo.

"Bambo, ine ndikupita. Ndamva kuti ku esiteti ina cha ku Santhe akufuna anthu osankha fodya."

Bambo anayesa kudzuka koma analephera. "Wakutuma ndani? Ine ndakuuza kuti upite?"

"Palibe wandituma. Munandisunga ine ndi ana anga pamene abale anu ankafuna kunditaya. Zimenezo zakwana. Musapite kwa Mulungu mutasenza ine."

"Ukakhala bwanji kumeneko?"

"Ndinabadwira komweko. Ntchito yake ndimaidziwa."

Amayi anali ataima pabwalo. Amayi aang'ono atatuluka anawagwadiranso nati, "Akulu anga, ana ndawasiya m'manja mwanu." Amayi analowa m'nyumba, natuluka ndi ufa m'kathumba ndi nsalu yawo yatsopano, nawapatsa amayi aang'ono. Ndinawaperekeza mpaka kumsewu, kumene mwenye wina wachisilamu wa golosale, amene ankapita ndi lole yake cha kumeneko, anavomera kuwakweza pamwamba pa matumba.

Panapita masiku angapo. Kenaka abusa anabwera pa njinga yamoto, munthu wachinyamata waulemu, ali ndi mkulu wa mpingo uja ndi kabokosi ka ziwiya za mgonero. Anafunsa bambo mafunso a obwerera, bambo nayankha onse ndi mawu apansipansi. Abusa akukonza mkate ndi chikho pa kampando, bambo anati:

"Abusa, ine ndabwerera. Nanga mayi uja?"

"Nayenso khomo n'lotsekula. Akapita ku mpingo wa kumene ali, akamulandira."

"Ndifunseko china. Akanapanda kuchoka, ine n'kufa, ndikanatayika?"

Abusa anaika chikho pansi. Anaganiza kaye, ndipo ndinawalemekeza chifukwa sanathamangire kuyankha. Anati, "Bambo, mpingo supulumutsa munthu. Ntchito yake ndi kulalikira, kulangiza ndi kulozera njira. Amene watayika ndi amene sanatayike, wodziwa ndi Mwini wake."

Bambo anawayang'ana. "Mawu amenewo mukanabwera nawo iye asanapite," anatero.

Mkulu wa mpingo anawerama. Abusa anapitiriza mwambo, ndipo bambo analandira mkate ndi chikho kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri, misozi ikuyenderera mpaka m'makutu poti anali chigonere. Amayi anayamba nyimbo.

Bambo anamwalira anthu atayamba kudinda mabelo a fodya. Maliro awo anali aakulu. Makwaya anabwera, amayi a zoyera anadzaza bwalo, abusa analalikira za nkhosa imene yabwerera m'khola nthawi ikadalipo. Anthu ankauzana kuti bambo anachita mwayi.

Amayi aang'ono anafika tsiku loika, wapansi kuchokera kumsewu, mwana ali kumbuyo ngakhale anali wamkulu woti n'kuyenda yekha. Sanafike pa siwa. Anakaima kuseri kwa chigafa pamodzi ndi anthu odutsa. Amayi atamva, anandituma kuti ndikawaitane adzakhale nawo m'nyumba pafupi ndi bokosi.

"Akuti bwerani mudzalire mwamuna wanu," ndinatero.

Anakana. "Ndikalowamo anthu a mpingo aziti ukwati unalipobe. Angasiye kuyimba. Ndisawawonongere zimene zakonzeka kale."

Ndinawauza kuti palibe angachite zimenezo mtembo uli pabwalo, koma sanasunthe. Analirira pomwepo, chamumtima, atagwira mzati wa chigafa. Anthu atachoka kumanda anapita okha kukaponya dothi, anaona ana awo, ndipo dzuwa lisanalowe anali atabwerera.

Munda wa kudambo uja abale anautenga mvula yotsatira. Ine ndi amayi tinalera ana atatu aja ndi chimanga chosakwana.

Ndinapitako kamodzi ku esitetiko. Ndinawapeza amayi aang'ono m'shedi yaitali ya malata, atakhala pansi pakati pa milu ya fodya, nsalu atamanga kumphuno. Anali ataonda. Ndinawafunsa ngati anabwerera mu mpingo. Anati ayi. Tchalitchi chinali kutali, nthawi yosankha fodya kapitawo sankadziwa Lamulungu, ndiponso analibe chovala choti n'kuimira nacho pamaso pa akulu. Kenaka anandifunsa ngati bambo analandiradi mgonero ndi pakamwa pawo, ine ndikuona. Nditavomera anati, "Basi, ndiye zili bwino," nabwerera ku ntchito yawo.

Patapita zaka zingapo, nthawi ya dzinja, munthu wina wogula nkhuku anatiuza kuti amayi aang'ono anamwalira, ndipo anaikidwa kale. Anadwala malungo masiku ochepa. Anawaika matenanti anzawo. Panalibe abusa kapena kwaya. Mlonda wa pa esitetipo, amene ankadziwa kupemphera, ndiye ananena mawu pang'ono.

Ine ndimapitabe kutchalitchi chomwe chija, ndipo ndimalandira mgonero. Ndamva maulaliki ambiri onena za chipulumutso, ena abwino kwambiri, koma funso la bambo lija palibe amene anandiyankha mondikhutiritsa, ndipo ndinaleka kulifunsa.

Titamva za imfayo tinanyamuka ndi amayi kukatenga mwana. Tinamupeza akukhala ndi banja lina la matenanti, akuwalerera khanda. Anali atatalika, tsitsi litafiira. Katundu wake yense anakwana m'jumbo imodzi. Pobwerera tinayenda wapansi mtunda wautali pakati pa minda ya fodya, kumwamba kutada. Tili pafupi ndi msewu, mwanayo anafunsa amayi kuti:

"Amayi aakulu, kodi amayi anga ali kumene kuli bambo?"

Amayi anaima, nakonza mpango wawo kumutu. Ndinadikira kuti ndimve chimene anene, poti nanenso ndinkafuna kudziwa. Anamugwira dzanja mwanayo nati, "Tiye tifulumire, mvula ingatipeze panjira."